Kudzijambula nokha ku Senga Bay: mmene mungachitire kuti nkhope ituluke kiliya

Chithunzi chimabwera chonchi: chilumba cha Namalenje kumbuyo chikuoneka mwala uliwonse, mabwato a asodzi mpaka nkhafi zake, koma nkhope ya mwini chithunzi ili chimbuuzi. Kamera sinawonongeke ayi. Makamera ambiri a DSLR, akuluakulu aja osintha malenzi, amagwira fokasi (mtunda umene zinthu zituluke kiliya) panthawi imene mwadina batani, osati pamene timer, kawotchi kochedwetsa kujambula, yamaliza kuwerenga. Podinapo inu munali kumbuyo kwa kamera, ndiye iyo inagwira chimene inapeza kutsogolo, nyanja. Mwathamanga, mwaima bwinobwino, masekondi 10 atha, koma yajambula pa mtunda umene inasankha inu musanafike.

Nkhani yonse yagona pa mtunda. Kamera iuzidwe mtunda umodzi, isasinthenso, ndipo maso anu akafike pa mtunda womwewo.

Pezani nsungwi kapena ndodo yotalika ngati inuyo, muizike mumchenga pamalo pamene muimepo. Pamsinkhu wa maso anu mangiranipo chinthu chokhala ndi zilembo kapena mizere, kaya katoni ya sopo kaya chitenje chamaluwa. Nsungwi yokha ndi yopyapyala, kamera imatha kuidumpha n'kugwira madzi akumbuyo, pamene zilembo imazigwira msanga. Ikani kamera pa tripod, choimikira chake cha miyendo itatu, sankhani kadontho kamodzi ka fokasi m'malo moisiya isankhe yokha, lozetsani kadonthoko pa katoniyo, dinani batani theka mpaka igwire. Kenako, osagwedeza chilichonse, kankhani kaswitchi ka pa lenzi kuchoka pa AF (kamera kudzigwirira yokha fokasi) kupita pa MF (fokasi yapamanja). Apa fokasi yamangidwa. Ofuna kutsimikiza ayatse Live View, yoonetsa chithunzi pa sikirini asanajambule, akulitse chithunzi ka 5 kapena ka 10 pa sikirini, aone ngati zilembo zikuwerengeka. Jambulani mzere mumchenga patsinde pa nsungwi, muzule nsungwiyo, ndipo poima mzerewo udutse pansi pa maso anu, osati kutsogolo kwa zala zakumapazi. Munthu akaweramira kutsogolo pang'ono pofuna kuoneka bwino, mutu umasuntha masentimita 10 kapena kuposa, mapazi ali pomwepo.

Pamene palibe pozika ndodo, monga pakhonde la simenti, tembenuzani njirayi. Imikani tripod pamalo pake, inu mutenge kamera mukaime pamene mudzajambulidwire, mugwire fokasi pa mutu wa tripod, musinthe kupita pa MF, muike kamwala pamene mwaimapo, kenako mubwezere kamera pa tripod. Mtunda wochoka kwa inu kupita ku tripod ndi womwewo wochoka ku tripod kubwera kwa inu.

Chingwe ndi chimene chimapulumutsa pa zithunzi zapafupi, za nkhope ndi mapewa. Pamwamba pa kamera pali kachizindikiro ka bwalo lodulidwa ndi mzere, kosonyeza pamene pali sensa, kachipangizo kamkati kolandira kuwala, ndipo mitunda ya fokasi imayezedwa kuchokera pamenepo. Mangani chingwe pa mutu wa tripod pansi pa kachizindikiroko, mupange mfundo pa mtunda umene mwagwirapo fokasi. Mukakhala pansi kokerani mfundoyo mofatsa ifike pambali pa diso loyandikira kamera, kenako muchigwetse. Diso, osati mphuno. Mphuno ili kutsogolo kwa maso ndi masentimita awiri kapena atatu, ndipo pa mtunda waufupi kusiyana kumeneku kumaoneka.

Chimene chimagwetsa anthu ambiri ndi chikondi cha f/1.8, nambala yosonyeza kukula kwa kabowo ka lenzi kolowera kuwala: nambala ikachepa ndiye kuti kabowo katseguka kwambiri. Wagula lenzi ya 50mm, akufuna kumbuyo kusungunuke, ndiye amaitsegula yonse. Taonani manambala ake pa kamera ya sensa yaing'ono ya APS-C, ngati Canon 600D kapena 2000D. Mutaima mamita 2 pa f/1.8, malo amene zinthu zimaoneka kiliya ndi pafupifupi masentimita 11 okha, kuphatikiza kutsogolo ndi kumbuyo. Pa mita imodzi safika n'komwe masentimita 3. Mukatseka kufika f/5.6 pa mamita 2 omwewo, malowo amakula kufika pafupifupi masentimita 34, ndipo pa f/8 pafupifupi theka la mita. Mukabwerera mmbuyo kufika mamita 3 pa f/5.6, muli ndi masentimita oposa 70 oti musunthiremo. Kwa munthu amene ali yekha, f/5.6 ndi poyambira pabwino. Nyanja ndi zilumba zili kutali kwambiri, zimafewabe ndithu. Musapitirirenso mpaka f/22 poganiza kuti ndiye kiliya weniweni, chifukwa kabowo kakachepetsetsa chithunzi chonse chimayamba kufewa.

Pa lenzi ya 18-55mm imene imabwera ndi kamera, yambani mwasankha zoom, fokasi pambuyo. Mukapotoza zoom mutamanga kale fokasi, yambiraninso. Kachidutswa ka tepi pa mkombero wa fokasi kamathandiza kuti musaugunde podina batani.

Rimoti imachotsa kuthamanga konseku, chifukwa lenzi ikakhala pa AF, kamera imagwira fokasi inu muli kale pamalo. Canon RC-6 imagwira pa 600D ndi 700D, Nikon ML-L3 pa D3200, D3300 ndi D5300, koma makamera ena monga Canon 2000D ndi Nikon D3500 alibe kadiso kolandira rimoti zamtunduwu. Pa 2000D gwiritsani ntchito Wi-Fi ndi pulogalamu ya Canon Camera Connect: mumadziona pa foni, kudina pankhope panu, n'kubisa foniyo. Popanda rimoti, uzani timer ijambule zithunzi zingapo motsatizana. Canon imalola 2 mpaka 10, Nikon mpaka 9. Pa zisanu, chimodzi chimakhala chopanda kuphethira.

Tsopano za kunyanja kuno. Gombe la Senga Bay, ngakhalenso la ku Nkhotakota, layang'ana kum'mawa. M'mamawa mukaika nyanja kumbuyo kwanu, dzuwa nalonso lili kumbuyo, nkhope ili mumthunzi, ndipo fokasi yodzisankhira yokha imakopeka ndi kunyezimira kwa madzi, n'kumangopita uku ndi uku. Nthawi imeneyo MF ndi nsungwi basi. Kuyambira cha m'ma 3 koloko masana mpaka cha m'ma 5, dzuwa limakhala kumtunda, limawala pankhope, kamera imagwira maso mosavutika. Masana enieni a Okutobala asiyeni: maso amatsinzina, thukuta lili kamukamu.

Mwera wa mu Juni ndi Julayi umagwedeza tripod yopepuka. Kanikizani miyendo yake ilowe mumchenga mpaka isiye kumira, musatalikitse chitsulo chapakati, ndipo thumba la mchenga lokolekedwa pansi pake likhudze pansi pang'ono kuti lisamalendewere n'kumakoka. Lamba wa kamera mumukulunge, amawomba ngati mbendera. Liwiro la shutter, kachitseko kolowetsa kuwala mu kamera, lisatsike pansi pa 1/125 ya sekondi mutaima chilili, 1/250 kukakhala mphepo yokupiza zovala, 1/1000 ngati mukudumpha. Kuwala kukachepa kwezani ISO, nambala yowalitsa chithunzi koma yobweretsa timadontho, kufika 800 kapena 1600. Chithunzi cha timadontho chimakonzeka, chogwedezeka sichikonzeka. IS kapena VR, yoletsa kugwedezeka kwa m'manja, muizimitse kamera ikakhala pa tripod, makamaka pa malenzi akale.

Pa foni mfundo zake n'zomwezo. Gwiritsani ntchito kamera yakumbuyo, popeza yakutsogolo pa mafoni ambiri otsika mtengo ili ndi fokasi yosasuntha, yopangidwira mtunda wa mkono. Pukutani kagalasi ndi nsalu yofewa. Mafuta a m'manja ndi amene amabweretsa chifunga chija anthu amanamizira foni, koma yambani mwauzira mchenga kuti musakande. Dinani pa nsungwi pa sikirini osachotsa chala mpaka fokasi imangike. Pa iPhone pamalembedwa AE/AF LOCK, pa ma Android ambiri pamabwera kaloko. Zoom yotsina ndi zala isiyeni, sendezani foniyo.

Musanapasule tripod, kulitsani chithunzi pa diso mpaka nsidze zioneke. Sikirini yaing'ono padzuwa imanama, chilichonse chimaoneka chabwino. Ngati kumbuyo kuli kiliya inu muli chimbuuzi thupi lonse, mtunda walakwika. Ngati makutu ali kiliya maso ayi, munaweramira kutsogolo, tsekani lenzi kapena bwererani pa mzere. Ngati chilichonse chikuoneka pawiripawiri, ndi tripod imene inagwedezeka. Mchenga wa pamapazi panu uli kiliya koma manja ndi nkhope zapakika, munasuntha ndinu, kwezani liwiro la shutter. Ndipo chikatuluka bwino, potumiza pa WhatsApp sankhani HD kapena mutumize ngati document, apo ayi amachifinya mpaka nsidze zija kusowa.