Kapangidwe ka Kachifanizo ka Bwalo la Ndege Lakale Koika mu Myuziyamu

Musanagule thabwa kapena guluu, sankhani chaka chimodzi choti muonetse. Bwalo la ndege limasintha kawirikawiri, ndipo anthu odziwa mbiri sachedwa kuona zosokonekera. Titenge bwalo la Croydon ku London: linatsegulidwa mu 1920, nyumba yake yolandirira apaulendo inatsegulidwa mu 1928, bwalolo n'kutsekedwa mu 1959. Mukasankha 1933, ndege ya Handley Page H.P.42 ya kampani ya Imperial Airways ikhoza kuima pabwalopo chifukwa inayamba ntchito mu 1931, koma Douglas DC-3 ayi, poti inauluka koyamba mu December 1935. Sonkhanitsani zithunzi zojambulidwa m'mwamba, mapu ndi mapulani a nyumba a zaka zimenezo. Nyumba ya Croydon ikadalipo, choncho ikhoza kuyezedwa, koma musakopere zonse zimene zili pamenepo lero.

Kenako sikelo. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa pofuna kuonetsa bwalo lonse. Nyumba ya bwalo la ndege la Tempelhof ku Berlin ndi yotalika pafupifupi makilomita 1.2, pa sikelo ya 1:144 (sentimita imodzi kuimira masentimita 144) ingatenge mamita oposa 8. Ife timakonda 1:144 pa chigawo chimodzi chabe: nyumba, nsanja yoyang'anira ndege ndi poimikapo ndege. Thebulo la masentimita 120 ndi 240 likuimira malo a mamita 173 ndi 346. Mapiko a H.P.42, omwe ndi mamita 39.6, amakhala masentimita 27.5, ndipo munthu amakhala mamilimita 12. Tianthu ndi timagalimoto ta sitima zoseweretsa za sikelo ya N, ya 1:148, timagwirizana nazo bwino. Sikelo ya 1:72 imakongola koma imadya malo kuwirikiza kanayi.

Pansi pa kachifanizoka ikani pulayiwudi wa mamilimita 12 pa felemu yokhala ndi mitanda masentimita 40 alionse. Dulani zigawo ziwiri kapena zitatu zomangirirana ndi mabauti kuti zidutse pakhomo, ndipo polumikizira pagwere m'mphepete mwa konkire kapena mpanda kuti pasaoneke. Pakani vanishi mbali zonse ziwiri ndi m'mphepete. Mukapaka mbali imodzi yokha, inayo imamwa chinyezi ndipo thabwa limapindika. Pamwamba matani fomu yolimba yotchedwa XPS ya mamilimita 25. Guluu kapena penti wopopera wokhala ndi tinala amasungunula fomuyi, ndiye yambani mwaipaka penti wa akiliriki.

Kapinga ndi amene amaulula mmisiri wothamanga. Ku Croydon ndege zinkanyamuka pa udzu, choncho gawo lalikulu ndi lobiriwira. Udzu wopanga wa mamilimita 2 pa sikeloyi ukuimira udzu wa masentimita 29, wofika m'miyendo. Gwiritsani ntchito wa milimita imodzi kapena ufa wobiriwira wosefa, musakanize mitundu itatu, ndipo pamene matayala amadutsadutsa pakhale pothothoka, poonekera dothi. Poimika ndege dulani pepala la pulasitiki la styrene la milimita imodzi, lembani mizere ya konkire ndi nsonga ya mpeni motsatira rula yachitsulo, kenako muthiremo penti wotuwa wosungunula kwambiri. Madontho a oyilo aikeni pansi pa mainjini, osati paliponse. Mitundu yonse ithirenimo woyera pang'ono. Chinthu choonedwa patali chimaoneka chofwifwa, ndipo wakuda bii amaonetsa ngati chidole.

Nyumba zimangeni ndi styrene, muzilimbitse m'kati ndi timakoma topingasa kuti zisaphwafuke. Mawindo musamate ndi supagulu: nthunzi yake imasiya chifunga choyera chosachoka. Guluu wa PVA wouma mowala ndi wokwanira. Ndege iliyonse ibooleni tayala, mulowetse kawaya ka bulasi ka mamilimita 0.5 kolowa mu fomu; guluu yekha amasiya pakanyamulidwa.

Chosiyanitsa ntchito ya myuziyamu ndi ya kunyumba n'chakuti ya myuziyamu imatsekeredwa m'bokosi kwa zaka. Matabwa a MDF (opangidwa ndi utuchi wopanikiza) ndi a mtengo wa oak, ngakhalenso PVA wina, amatulutsa asidi amene amadya zidutswa za mtovu mpaka kusanduka ufa woyera. Pewani tizidutswa ta mtovu, ndipo funsani wosamalira zinthu za myuziyamuyo ngati zipangizo zanu zikufunika kuyesedwa ndi njira ya Oddy, yoonera ngati zimatulutsa mpweya wowononga zitsulo. Mukamaliza kupenta, siyani poyera milungu inayi musanavundikire. Magetsi akhale a LED, thiransifoma yake kunja kwa bokosi, ndipo dzuwa lisawombepo chifukwa limafwifwitsa kapinga. Chivundikiro chikhale cha akiliriki ya mamilimita 6, chomangidwa ndi masikuluwu, thebulo lisatalike kupitirira masentimita 80 kuchokera pansi kuti ana ndi a panjinga za olumala aone bwino. Siyani kwa oyang'anira pepala la mitundu ya penti ndi guluu amene mwagwiritsa ntchito, kuti wodzakonza phiko lothyoka asadzachite kulota.