Mmene ndinagawira masiteshoni a mvula m'magulu omveka

Ndinkafuna kugawa masiteshoni oyezera mvula m'magulu a omwe mvula yawo imafanana. K-means, njira ya pakompyuta yogawira deta m'magulu, inkandipatsa magulu osokonekera: masiteshoni oyandikana ankagwera kosiyana, ndipo ndikaiyendetsanso, magulu ankasinthanso. Gwero la vuto linali m'deta momwemo. Mvula ya lero imatengera ya dzulo, masiteshoni oyandikana amanyowa ndi mtambo umodzi, choncho manambala ochuluka aja sanali mboni zodziimira pazokha. Ambiri ankangobwerezana.

Ndinayamba ndi kuphatikiza mvula ya tsiku ndi tsiku kukhala ya pamwezi. Pa siteshoni iliyonse ndinachotsa avereji ya mwezi umenewo pa zaka zonse, kuti kusinthana kwa dzinja ndi chilimwe kusaphimbe zina zonse. Zotsalazo ndinazigawa ndi standard deviation (muyezo wa mmene manambala amatalikirana ndi avereji yawo), apo ayi siteshoni ya mvula yambiri imalamula anzake. Kenako PCA, njira yofupikitsira manambala obwerezana kukhala zigawo zikuluzikulu, yomwe akatswiri a zanyengo amati EOF: ndinasunga zigawo zochepa zoyambirira, n'kuzigwiritsa ntchito pogawa masiteshoni m'magulu ndi njira ya Ward ya mu 1963, yomwe imaphatikiza ofanana pang'onopang'ono.

Chomwe ambiri amadumpha ndi kuyesa kulimba kwa maguluwo. Pochita bootstrap, kutanthauza kutola deta mwachisawawa kambirimbiri n'kugawanso magulu, ndinkatola zaka zathunthu, osati miyezi payokhapayokha, kuti ubale wa miyezi yotsatizana usaduke. Masiteshoni a m'malire mwa magulu ndiwo ankasamukasamuka, ndipo pamapu ndinawapatsa mtundu wawowawo.