Injini ya dizilo ya boti imafuna kutenthedwa

Anzanga a maboti, ngati mumakhala maola ambiri injini ya dizilo ikungoyenda pang'onopang'ono ati kusunga mafuta, mukuiononga. Siitentha mokwanira, dizilo sapsa yense, ndiye mwaye umamatirira ku ma injekita (tizitsulo topopera dizilo mu injini) ndi ma ring a pisitoni, kenako mumangoona timafuta takuda tikudontha ku ekizozi, oilo nayenso akununkha dizilo.

Ine pakatha maola awiri kapena atatu ndimaikweza kufika cha mu 75% ya mphamvu zake kwa mphindi 20, boti lili mu giya likuyenda ndithu, zongoilizitsa pa nyutilo zija sizithandiza olo pang'ono. Poyamba ifuka utsi wambiri koma musade nkhawa, ndi mwaye uja ukupsa. Mukafika padoko isiyeni ilire pang'onopang'ono mphindi 5 izizire, kenako zimitsani.