Mmene Mungasankhire PSU Yotchipa Yosaotcha Kompyuta Yanu

Pogula PSU (bokosi lopereka magetsi ku zida za m'kompyuta) yotchipa m'mashopu a ku Kamwala kapena a mu Cairo Road ku Lusaka, musakhulupirire nambala yaikulu yolembedwa pabokosi. Werengani pepala lomatidwa pambali pa PSU, ndipo muchulukitse ma ampere a mzere wa 12V ndi 12, popeza mzere umenewu ndiwo umapereka mphamvu ku purosesa ndi ku graphics card. Ngati pabokosi alemba 500W koma 12V ikupereka ma ampere 18 okha, zida zimenezi zidzalandira 216W basi.

Kenako fufuzani ngati ili ndi chitetezo cha OPP (ikalemedwa katundu woposa mphamvu yake), OCP (ma ampere akachuluka kwambiri) ndi SCP (pakachitika shoti). PSU yabwino ikalemedwa katundu woposa mphamvu yake imadzizimitsa yokha, pamene yopanda chitetezo imapitiriza kutentha mpaka mawaya asungunuke kapena capacitor (kachipangizo kosunga magetsi) iphulike, ndipo nthawi zina imawonongera limodzi motherboard yodula kwambiri kuposa iyo. Chizindikiro cha 80 Plus chimangosonyeza kuti magetsi satayika ambiri ngati kutentha. Sichitsimikizira chitetezo, ngakhale ogulitsa ena amachitamanda ngati umboni wokwanira.

Sankhani yamphamvu yoposerako zimene kompyuta yanu imafuna. Popeza magetsi a ZESCO akamabwerera pambuyo pozima mphamvu yake imatha kudumpha, lumikizani kompyuta kudzera pa UPS (chipangizo chokhala ndi batire) kapena surge protector (chipangizo choteteza ku magetsi odumpha).

Kompyuta ikamazima yokha pa ntchito yolemera, kapena mukamva fungo la pulasitiki wopsa, zulani pulagi nthawi yomweyo. Musatsegule PSU, chifukwa ma capacitor amasungabe magetsi oopsa ngakhale mutaizula pakhoma.