Kuphunzira kuthyola loko wa pakhomo panu: mmene mungayesere chitetezo cha seva pa laputopu imodzi

Ntchito imene akatswiri amaitchula kuti penetration testing ndi yolowa dala m'makompyuta a kampani kapena bungwe, eni ake atavomereza mochita kulemba, pofuna kupeza mipata imene mbava za pa intaneti zingadzerepo zisanaipeze zokha. Vuto la wophunzira ndi lakuti alibe poyesera. Ku Malawi kuno lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa m'kompyuta ya wina popanda chilolezo, ndipo kunena kuti mumangophunzira sikungakupulumutseni kubwalo la milandu. N'chifukwa chake anthu a ntchitoyi anapanga maseva ofooka dala, odzaza ndi zolakwika zodziwika, kuti munthu aziwathyola ali kwake popanda wolakwiridwa. Achinyamata amene ndimawathandiza pa Dedza boma ndimawayambitsa ndi seva (kompyuta yotumikira makompyuta ena pa netiweki) yotere yotchedwa Metasploitable 2, imene kampani ya Rapid7 inatulutsa mu 2012, ndipo njira imene timatsata ndi imene ndikufotokoza pano.

Simufunika makompyuta awiri. Laputopu imodzi yokhala ndi RAM ya 8 GB ndi yokwanira, ndipo ya 4 GB imathekanso ngati muli ndi mtima wodikira. Muikemo pulogalamu yaulere ya VirtualBox, imene imalola kuti mkati mwa kompyuta yanu muziyenda makompyuta ena ongoyerekeza. Oyerekezawo akhale awiri: Kali Linux, amene ali ndi zida zoyesera, ndi Metasploitable 2, amene ndi wolandira nkhonya. Kali mumupatse RAM ya 2 GB, pamene Metasploitable amakhutira ndi 512 MB. Mafayilo ake ndi aakulu ndithu, popeza wa Metasploitable amapitirira 800 MB ndipo wa Kali amafika pafupifupi 3 GB, choncho n'kwanzeru kuti mmodzi adawunilode usiku ndi bandulo yotsika mtengo, ena onse n'kumagawana pa fulashi. Metasploitable amabwera ngati disiki yokonzeka kale ya mtundu wa vmdk, motero popanga makina atsopano mu VirtualBox musankhe kugwiritsa ntchito disiki yomwe ilipo m'malo mopanga yatsopano. Malaputopu ambiri ogwiritsidwapo kale ntchito amakana kuyatsa makina oyerekeza chifukwa VT-x kapena AMD-V, mbali ya purosesa yoyendetsera makina otere, ndi yozimitsidwa mu BIOS (zosankha za kompyuta zimene mumazifikira ikangoyaka), ndipo kuiyatsa ndi nkhani ya mphindi ziwiri.

Musanayatse chilichonse, mangani khola. Pa makina onse awiri pitani pa Settings, kenako Network, ndipo musankhe Host-only Adapter. Imeneyi imapanga netiweki yaing'ono yongothera mkati mwa laputopu yanu, imene mwachizolowezi ma adiresi ake amayamba ndi 192.168.56, ndipo palibe wakunja amene angaifikire. Musasankhe Bridged Adapter, imene imaika makinawo pa netiweki yeniyeni imene laputopu yalumikizidwako. Ine ndinalakwapo pamenepa tsiku lina la mu Julayi, kukuzizira mmene kumazizirira kuno mpaka zala kukanika kutayipa, nditalumikiza laputopu ku wifi ya nyumba ina imene timagawana anthu ambiri. Nditalemba ifconfig, lamulo loonetsa adiresi ya makina, ndinaona adiresi yoyamba ndi 192.168.1, ndipo mtima unangoti phaa, chifukwa zinatanthauza kuti seva yobooka ngati sefa ija inali poyera kwa aliyense wa m'nyumbamo, komanso ndikanayamba kufufuza netiweki yonse ndikanagogoda pa mafoni ndi makompyuta a anthu amene sanandilole. Kuyambira pamenepo ndimayang'ana adiresi kaye ndisanachite china chilichonse. Makina onse akayaka bwino, tengani snapshot ya aliyense, kutanthauza kusunga mmene makinawo alili panthawiyo, kuti magetsi akathima ntchito ili mkati, kapena inu eni mukawononga seva, muzibwerera pomwe munayambira popanda kuikanso zonse.

Lowani mu Metasploitable ndi dzina lakuti msfadmin, mawu achinsinsi akhalenso msfadmin, ndipo mulembe ifconfig kuti muone adiresi yake, imene kawirikawiri imakhala 192.168.56.101 kapena yoyandikana nayo. Mukatero musiyeni, chifukwa ntchito yonse yotsala ichitikira pa Kali, kumene dzina ndi mawu achinsinsi zonse ndi kali. Tsegulani terminal, zenera lolembamo malamulo, n'kulemba nmap -sV 192.168.56.101. Nmap, amene Gordon Lyon anamutulutsa koyamba mu 1997, amagogoda pa makomo a seva, amene timawatchula kuti ma port, ndipo amakuuzani amene ali otsegula komanso pulogalamu imene ikuyankha kuseri kwake. Mudzaona mzere wautali: 21 wa FTP, 22 wa SSH, 23 wa telnet, 80 wa webusaiti, 445 wa Samba, 3306 wa MySQL, 5900 wa VNC ndi ena ambiri. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amapupuluma, kufuna kuthamangira kuthyola, pamene kuona maso a nkhono n'kudekha. Lembani m'kope khomo lililonse, dzina la pulogalamu ndi nambala ya mtundu wake, chifukwa nambalayo ndi imene imaulula zambiri. Mwachitsanzo, pa khomo 21 pali vsftpd 2.3.4, ndipo mbiri yake ndi yakuti mu 2011 munthu wina anasintha fayilo imene anthu ankadawuniloda n'kuikamo khomo lachinsinsi, kotero kuti wolowa ndi dzina lothera ndi zizindikiro :) ankatsegulirwa port 6200 yomupatsa ulamuliro wonse pa seva. Wodziwa mbiri imeneyi akangoona nambalayo amadziwa kale zolemba mu lipoti.

Komabe nthawi yambiri muithere pa khomo 80, chifukwa mabanki, masukulu ndi mabungwe amakumana ndi anthu kudzera pa mawebusaiti. Lembani adiresi ija mu Firefox wa pa Kali ndipo mudzaona mayina angapo, ena mwa iwo Mutillidae, phpMyAdmin ndi DVWA. Sankhani DVWA, webusaiti yofooka dala yophunzirira, lowani ndi admin komanso mawu akuti password, kenako pitani pa DVWA Security n'kutsitsa mlingo wa chitetezo kufika pa low. Ambiri amaiwala kutsitsa mlingowu n'kutha madzulo onse akudabwa chifukwa chake palibe chikutheka.

Tsamba la SQL Injection lili ndi kabokosi kamodzi kofunsa User ID. Lembani 1 ndipo lidzakuonetsani dzina la admin, monga mmene linapangidwira. Tsopano lembani 1' ndi kachizindikiro kamodzi kogwira mawu kumapetoko. Tsambalo lidzadandaula kuti pali cholakwika mu SQL, chilankhulo chofunsira database (nkhokwe ya zolemba za webusaiti), ndipo dandaulo limeneli ndi umboni wakuti zimene mwalemba zikukafika ku database osasefedwa. Musapitirire musanamvetse chifukwa chake. Dinani View Source pansi pa tsambalo ndipo mudzaona kuti funso lopita ku database ndi SELECT first_name, last_name FROM users WHERE user_id = '$id', kutanthauza kuti chilichonse chimene mlendo walemba chimangomatidwa pakati pa zizindikiro ziwirizo. Chizindikiro chanu chija chinatseka mawuwo msanga, n'kusiya china chili padera chopanda mnzake. Ndiye mukalemba 1' OR '1'='1, database imamva kuti ipereke munthu amene nambala yake ndi 1 kapena aliyense amene kwa iye 1 ndi wofanana ndi 1, ndipo popeza zimenezi n'zoona kwa aliyense, mayina onse asanu amatuluka. Mukapitiriza ndi ' UNION SELECT user, password FROM users # mumatulutsa mawu achinsinsi ali obisidwa ndi MD5, ndipo a admin amaoneka ngati 5f4dcc3b5aa765d61d8327deb882cf99, zimene pulogalamu ya John the Ripper imamasula mosakhalitsa kuti ndi password. Pamenepa mwapeza zolakwika ziwiri zosiyana, china cha funso losasefedwa ndi china cha kasungidwe kofooka ka mawu achinsinsi, ndipo chilichonse chilembedwe pachokha.

Kwezani mlingo kufika pa medium n'kuyesanso. Zimene munalemba poyamba zija sizigwiranso, chifukwa wolemba pulogalamu wayamba kufooketsa zizindikiro zogwira mawu ndi mysql_real_escape_string. Koma mukawerenga View Source mudzaona kuti wachotsanso zizindikiro zozungulira $id, motero kulemba 1 OR 1=1 kumadutsa bwinobwino popanda chizindikiro chilichonse. Kwa ine phunziro la medium ndi lofunika kuposa la low, chifukwa mawebusaiti enieni amene ali ndi vuto amafanana kwambiri ndi limeneli: wina anayesa kutseka mpata, koma anatseka theka. Njira yodalirika ndi ya prepared statements, pamene funso limatumizidwa palokha ndipo zolemba za mlendo zimatumizidwa padera, kotero kuti database sizitenga ngati lamulo. Mitundu yatsopano ya DVWA ili ndi mlingo wotchedwa impossible umene umaonetsa kalembedwe kameneka, ngakhale kuti wa mu Metasploitable 2 ndi wakale ndipo umathera pa high.

Tsamba la Command Execution ndi lachidule. Limafunsa adiresi yoti liichite ping, kutanthauza kuyesa ngati kompyuta ya adiresiyo ikuyankha, koma mukalemba 127.0.0.1; whoami limachita ping kenako n'kuyankha kuti www-data, dzina la akaunti yoyendetsa webusaitiyo, kusonyeza kuti mukulamula seva yeniyeniyo. Pa medium amachotsa ; ndi && basi, n'kuiwala |. Mukazolowera izi, yatsani Burp Suite Community Edition, pulogalamu yoima pakati pa Firefox ndi webusaiti, lozetsani Firefox ku 127.0.0.1 pa port 8080, ndipo muziona pempho lililonse lisanachoke, kuphatikizapo cookie (kachidziwitso kamene Firefox amatumiza ndi pempho lililonse) yotchedwa security imene imanyamula mlingo uja ndipo mungathe kuisintha ndi dzanja. Chida cha sqlmap chimatha kuchita zonse za SQL zija chokha, koma ine sindilola wophunzira kuchigwira asanathyole low ndi medium pamanja, chifukwa wozolowera chida amasowa chonena mwini webusaiti akamufunsa kuti vutolo lagona pati.

Tsiku lililonse loyesera lizitha ndi lipoti, ngakhale la tsamba limodzi, popeza chimene kasitomala amalipira ndi lipotilo. Pa cholakwika chilichonse lembani tsamba limene chili, zimene munalemba ndendende, chithunzi cha zimene zinatuluka, kuopsa kwake m'mawu amene msungichuma wa kagulu ka alimi a mbatata ku Bembeke angamve, komanso kakonzedwe kake. Kulemba kuti mwapeza SQL injection n'kosakwanira; lembani kuti munthu aliyense wotsegula tsambalo angathe kutenga mayina ndi mawu achinsinsi a mamembala onse, ndipo kuti mzere wakutiwakuti usinthidwe motere. Mupatse mnzanu lipotilo kuti abwereze zimene munachita osakufunsani, ndipo pomwe wakakamira ndi pomwe simunalembe bwino.

DVWA ikayamba kukupepukirani, pitani ku OWASP Juice Shop, imene inalembedwa ndi Node.js ndi Angular ndipo imafanana ndi masitolo a pa intaneti a masiku ano, kapena WebGoat imene imaphunzitsa pang'onopang'ono. Nazonso muziike mkati mwa khola lomwe lija la Host-only. Ngati Kali akufunika kukonzedwanso kuchokera pa intaneti, zimitsani Metasploitable kaye, sinthani Kali yekha kupita pa NAT, imene imamulola kufika pa intaneti kudzera pa laputopu yanu, ndipo mukamaliza mubwezereni pa Host-only, n'kuonanso ndi ifconfig kuti adiresi yake yayamba ndi 192.168.56 musanayatse mnzakeyo.