Mmene mungadziwire ngati chinyezi chakwana musanabzale chimanga

Mayi ena anafunsa kuti mvula yagwa kamodzi, kodi abzale? Musathamange ndi mvula yoyamba, pamwamba pamaoneka ponyowa pamene pansi pali fumbi lokhalokha ndipo mbewu imangofera m'nthaka, ndi mmene mbewu yadulira masiku ano zimapweteka mtima.

Choyamba dikirani tsiku limodzi mvula itakata, kenako kumbani ndi khasu masentimita 20 mpaka 30, malo angapo m'munda osati pamodzi ayi. Tapani dothi la pansi penipenipo mulifinye m'manja. Likaumbika osamwazika mukatambasula dzanja, bzalani. Likamwazika dikirani mvula ina. Likamatulutsa madzi kapena kumata zala lanyowetsa, lisiyeni liphwe kaye.

Koma dziwani dothi lanu, lamchenga limataya madzi msanga, makande amasunga nthawi yaitali chifukwa timibulu take ndi tating'ono kwambiri, katondo ali pakatikati. Ngati munda ndi wamchenga thirani manyowa ambiri, pangani ngonyeka (timizere topingasa) m'mizere madzi asathawe, ndipo mapesi aja musaotche chonde, phimbirani nawo nthaka dzuwa lisaumitse.