Momwe mungapangire kanema woti woonera azisankha yekha mathero pa YouTube

Kuti woonera azisankha yekha kumene nkhani ilowere simufunika pulogalamu yokwera mtengo. YouTube yomweyi ikwanira, bola nkhaniyo muidule m'zigawo n'kuzilumikiza.

Yambirani papepala. Tinene kuti mtsikana watola chikwama cha ndalama m'minibasi ya ku Ndirande. Apereke kwa kondakitala, kapena atsike nacho mwakachetechete? Pamenepo muli ndi makanema 3: woyambira ndi mathero awiri. Musachulutse mphambano, chifukwa iliyonse imawonjezera zojambula, bandulo nayo n'kumatha.

Jambulani ndi foni, dulani ndi CapCut, pulogalamu yaulere ija yodulira makanema. Anyamata oika mapulogalamu obedwa pa kompyuta asiyeni, mudzalipira kawiri pochotsa mavairasi. Kumapeto kwa kanema woyamba siyani masekondi 20 mtsikanayo ali chiimire, chikwama chili m'manja, mbali zonse ziwiri kuli malo oikapo zoti woonera adine posankha.

Kwezani kaye mathero awiriwo, muwaike pa Unlisted, kuti asaonekere aliyense koma azitseguka kudzera pa ulalo. Mukaika Private woonera sadzawatsegula. Ndi bandulo ya usiku zimatsikirako mtengo.

Tsono apa mpamene ine zinandivuta. Pokweza kanema, YouTube imafunsa ngati ndi wa ana. Wanga unali nthano ya Kalulu, ndiye ndinavomera kuti ndi wa ana. Nditalowa mu YouTube Studio, mokonzera makanema amene mwakweza, kuti ndiike End screen, timabokosi todina toonekera kumapeto kwa kanema, batani lake silinkadinika n'komwe. Ndinasintha kompyuta, ndinakwezanso kanemayo, osatheka. Chifukwa chake n'chakuti kanema woikidwa pa Made for kids saloledwa End screen kapena Cards (timaulalo totulukira pakona ya kanema), ndipo ndemanga zimatsekedwanso. Musaname kuti ndi wa akulu pamene mwapangira ana, funsolo likuchokera ku lamulo la ku America loteteza ana pa intaneti. Ngati ndi wa ana, maulalo awiriwo alembeni m'mawu ofotokozera pansi pa kanema, wokamba nthanoyo anene pakamwa kuti tsikirani pansi musankhe. Ganizirani zimenezi musanajambule.

Ngati ndi wa akulu, zotsalazo n'zachidule. End screen imafuna kanema wosachepera masekondi 25, ndipo imaoneka m'masekondi 5 mpaka 20 omaliza. Ikani mathero amodzi kumanzere, ena kumanja, osaphimba nkhope. Malangizo akale onena za annotations, timabokosi todina tomwe tinkaikidwa pamwamba pa kanema, alekeni, YouTube inazichotsa mu 2019.

Kenako yesani pa foni ya mnzanu, dinani mbali zonse ziwiri, tumizani pa WhatsApp ulalo wa kanema woyamba wokhawo.